Ayezi wa ku Arctic akutha, nanga kuzizira kwa ku Ulayaku kukuchokera kuti?

Funso ili latumizidwa ndi achemwali athu ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England. Alemba kuti: "Pa nyuzi angoti dziko likutentha, ayezi wa kumpoto akusungunuka, koma ine ndikamadikirira basi mmamawa popita ku shifiti zala zimachita kuuma gwa olo ndivale magolovesi. Mnzanga wakuntchito akuti kuzizira kumeneku kukubwera chifukwa cha kusungunuka kwa ayezi komweko. Zoona zimenezi? Ndiye kuti winter izingoipiraipira chaka ndi chaka?"

Achemwali, mnzanuyo sanangozipeka zimenezi ayi, ndi nkhani imene akatswiri a zanyengo akhala akutsutsana kwa zaka zoposa 10 tsopano ndipo mkanganowo sunatheretu. Koma ndikuuziretuni pamene ine ndaima. Ayezi akuthadi, ndipo kutha kwakeko kukukhudza nyengo yozizira kumene muliko, koma kusintha kumene kuli ndi umboni wolimba nkwakuti winter ikufunda komanso ikunyowa, osati ikuzizira. Zoti kusungunukako kumakankhira chisanu choopsa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia nzotheka, njira yake ndi yomveka ndipo ndiifotokoza bwinobwino, koma mphamvu yake ikuoneka kuti ndi yochepa kusiyana ndi mmene nyuzi zimainenera.

Tiyambe ndi ayeziyo chifukwa ambiri amasakaniza. Pali ayezi wa pamtunda, ngati uja wakuta chilumba cha Greenland, wokhuthala mpaka makilomita 3 pakatikati pake, ndiye pali ayezi wa panyanja, amene ndi madzi amchere a nyanja ya Arctic, ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, omwe aundana pamwamba nkumayandama, kukhuthala kwake kumangothera pa mita 1 mpaka 3 malo ambiri. Tikukamba wachiwiriyu. Ameneyu amakula ndi kuchepa chaka chilichonse, amafika pachimake mu Malichi kenako amasungunuka chilimwe chonse cha kumeneko mpaka chapakati pa Sepitembala pamene amatsala wochepetsetsa. Masetilaiti akhala akumuyeza mosalekeza kuyambira 1979. Mzaka za m'ma 1980, ikamafika Sepitembala kumatsala ayezi wokuta malo pafupifupi masikweya kilomita 7 miliyoni. Mu Sepitembala 2012 kunatsala 3.4 miliyoni basi, nde kuti malo aakulu kuposa dziko lonse la India amene kale ankakhala oyera mbee anasanduka madzi okhaokha. Chiyambire 2007 palibe chaka olo chimodzi chimene ayezi wa mu Sepitembala anabwererako pa mlingo wakale uja. Ndipo wotsalayo ndi wanthete, wopyapyala, chifukwa ayezi wakale wa zaka zoposa 4 amene mu 1985 anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ayezi yense, pano wangotsala kachigawo kosafika 5 peresenti.

Tsono ayezi akachoka chimachitika nchani? Ayezi amene pamwamba pake pali snow yongogwa kumene amabweza kuwala kwa dzuwa kopitirira 80 peresenti, pamene madzi a nyanja ndi akuda, amameza kopitirira 90 peresenti. Nde chilimwe chonse, nthawi imene dzuwa sililowa nkomwe kumeneko, nyanja yopanda ayezi imangosunga kutentha. Ikafika Okutobala dzuwa lapita, mdima wa miyezi ingapo wayamba, mpweya wazizira, nyanja ija imayamba kubweza kutentha kumene inasunga kuja ndipo ayezi amachedwa kugwira. Apa mpamene pagona nkhani ya winter. Madzi amchere amaundana pa -1.8°C pomwe mpweya wa pamwamba pake mu Januwale utha kufika -30°C, ndiye ngati pakati pa ziwirizi pali ayezi wokhuthala kutentha kwa madziko kumatsekeredwa pansi, koma ngati palibe, nyanja imachita kufuka nthunzi, kutentha ndi chinyezi zikungokwera mmwamba osalekeza. Nchifukwa chake ku Arctic kutentha kukukwera mofulumira kwambiri mu winter kusiyana ndi mmene kukukwerera mchilimwe. Akatswiri a ku Finland anawerengetsa mu 2022 nkupeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic latentha mofulumira pafupifupi ka 4 kuposa dziko lonse, ndipo chakunyanja ya Barents, kumpoto kwa Norway ndi Russia, malo ena mpaka ka 7. Mpaka apa palibe amene akutsutsa.

Mkangano ukuyambira pa mphepo inayake imene inu simuiona koma ndi imene imagamula ngati mawa mutuluke ndi ambulera kapena ndi jekete lochindikala. Imatchedwa jet stream, ili pamtunda wa makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, pomwe ndege zimauluka, ndipo imawomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa kuzungulira dziko lonse, liwiro lake nthawi zina kupitirira makilomita 300 pa ola. Mu Febuluwale 2020, nthawi ya namondwe Ciara, ndege ya British Airways inanyamuka ku New York nkukatera ku London patangotha maola 4 ndi mphindi 56, ulendo umene nthawi zambiri umatenga maola oposa 6, chifukwa mphepo imeneyi inkaikankha kumbuyo. Jet stream imayenda mmalire mwa mpweya wozizira wa kumpoto ndi mpweya wofunda wa kummwera. Ikakhala yamphamvu komanso yowongoka, mpweya wozizira umakhala kumpoto komweko ndipo Britain imalandira mphepo yochokera ku Atlantic, yofunda, yamvula, ija yongonyowetsa tsiku lonse. Nchifukwa chake ku Leeds kwanuko mu Januwale kumangozungulira pa 4°C pamene mzinda wa Edmonton ku Canada, umene uli kumpoto mofanana ndi Leeds, -20°C si yachilendo. Koma ikakhota nkupanga mapindi akuluakulu, malo ena mpweya wozizira umatsika kummwera, malo ena wofunda umakwera kumpoto, ndipo nyengo imakakamira pamodzimodzi kwa sabata ziwiri kapena zitatu.

Chimene chimapatsa jet stream mphamvu ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa kumpoto ndi kummwera. Nde mu 2012 akatswiri awiri a ku America, Jennifer Francis ndi Stephen Vavrus, analemba kuti ngati kumpoto kukufunda mofulumira chonchi, kusiyanako kukuchepa, mphepoyo ifooka, ndipo mphepo yofooka imakhotakhota kwambiri. Inu mukuudziwa mtsinje wa Shire, mmene umathamangira mowongoka pamathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamene malo ndi otsetsereka, koma ukangofika kuchigwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene malo ndi athyathyathya umayamba kuyenda pang'onopang'ono nkumapindikapindika. Ganizo lawo linali lomwelo. Ndipo linabwera pa nthawi imene anthu anali ndi ludzu la yankho, chifukwa winter ya 2009 mpaka 2010 inali yozizira kwambiri ku Britain chiyambire ya 1978 mpaka 1979, ndipo Disembala 2010 anali wozizira kuposa Disembala wina aliyense pa zaka 100, ndege zinaima pa Heathrow anthu akufuna kupita kokadya Khirisimasi, zonsezi patangopita zaka zochepa ayezi atagwa kwambiri mu 2007.

Pali njira inanso yachiwiri imene kwa ine ndi yogwira mtima kuposa yoyambayo, ndipo imadzera mmwamba kwambiri. Pamwamba pa jet stream, pakati pa makilomita 15 ndi 50, nthawi ya winter pamapangika chimphepo china chozungulira North Pole chimene mkati mwake muli mpweya wozizira koopsa, chimenechi ndiye polar vortex imene mumaimva pa TV. Ikakhala yolimba zinthu pansi pano zimayenda mwa masiku onse. Tsono akatswiri ena, makamaka a ku Japan, ku Korea ndi ku Germany, anaona kuti zaka zimene nyanja za Barents ndi Kara, zoyandikana kumpoto kwa Russia, zili ndi ayezi wochepa chakumapeto kwa chaka, kutentha kotuluka mnyanjamo kumathandiza kuti pamapiri a Ural ku Russia pakhazikike high pressure, kutanthauza chimulu cha mpweya wolemera wopanikiza pansi, yosasuntha, ndipo imeneyi imatumiza mafunde a mpweya mmwamba amene amakamenya polar vortex ija. Ikamenyedwa mokwanira imafooka, pena imasendera pambali, pena imang'ambika pakati, mpweya wa kumwambako nkutentha ndi madigiri mpaka 50 pa masiku ochepa chabe. A zanyengo amati kwachitika sudden stratospheric warming, ndipo zimachitika pafupifupi ka 6 pa zaka 10 zilizonse. Chisokonezocho chimatsika pang'onopang'ono, ndipo pakatha sabata ziwiri kapena zitatu jet stream pansi pano imafooka mwinanso mphepo kutembenuka nkuyamba kuchokera kummawa.

Ngati munali kale ku Britain mu 2018 munazionera nokha. Pa 12 Febuluwale polar vortex inagawika pawiri. Patatha sabata ziwiri mphepo inatembenuka, mmalo mochokera ku Atlantic inayamba kuchokera ku Siberia kudutsa Scandinavia nkuwoloka North Sea, ija anaipatsa dzina loti Beast from the East. Masukulu masauzande anatsekedwa, Met Office, bungwe la zanyengo la ku Britain, inatulutsa chenjezo lofiira ku Scotland, kenako namondwe Emma anabwera kuchokera kummwera nkukumana ndi mpweya wozizirawo snow nkuchita kuunjikana, pamsewu wa M62 umene umalumikiza Leeds ndi Manchester anthu anagona mmagalimoto usiku wonse atazingidwa, ndipo pa 1 Malichi National Grid, kampani imene nthawiyo inkayendetsa mapaipi akuluakulu a gasi, inachenjeza kuti gasi akhoza kuperewera. Snow inagwa mpaka ku Rome. Masiku omwewo, ku Cape Morris Jesup, nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa Greenland, makilomita pafupifupi 700 kuchokera pa North Pole, kumene dzuwa linali lisanatuluke chiyambire Okutobala, kutentha kunakwera kupitirira 0°C mpaka kufika cha pa 6°C. Eti kumene kumayenera kukhala -30°C kukufunda kuposa ku London. Munthu woona zimenezi sangalephere kuganiza kuti ziwirizi nzolumikizana. Ndi chimodzimodzi za ku Texas mu Febuluwale 2021, kumene ku Dallas kunafika -19°C, nyumba ndi mabizinesi oposa 4 miliyoni anakhala opanda magetsi ndipo boma la Texas linawerenga anthu 246 omwalira. Chaka chomwecho katswiri wina dzina lake Judah Cohen ndi anzake analemba mu magazini ya Science kuti kusintha kwa ku Arctic, ayezi kuchepa ku Barents ndi Kara komanso snow kuchuluka ku Siberia mmiyezi ya kumapeto kwa chaka, kukuchititsa kuti polar vortex izitanuka pafupipafupi nkumatsitsira chisanu ku America.

Nde bwanji sindikungovomera kuti mnzanuyo walondola basi? Chifukwa akatswiri ena atazifufuza mozama zinthu zinayamba kuvuta, ndipo mfundo zawo ine zimandikhutiritsa kwambiri. Mu 2013, patangotha chaka chimodzi Francis ndi Vavrus atalemba zawo zija, Elizabeth Barnes wa ku Colorado State University anaonetsa kuti zoti jet stream ikukhotakhota kwambiri zimadalira mmene waiyezera, ukasintha kayezedwe pang'ono chizindikirocho chimazimiririka. Koma mfundo yaikulu inachokera ku University of Exeter, ku England komweko, kwa Russell Blackport ndi James Screen, ndipo funso lawo linali losavuta, pa ziwirizi chikuyambitsa chinzake nchiti? Taganizani, high pressure ija ikakhazikika pa Ural, mbali yake ya kumadzulo imakankhira mpweya wofunda kumpoto kunyanja ya Barents, mpweyawo umaletsa ayezi kugwira komanso mphepoyo imakankhira ayezi amene alipo kutali, pomwe mbali yake ya kummawa imatsitsira mpweya wozizira ku Siberia ndi ku China. Nde winter imeneyo uona ayezi wochepa ku Barents komanso chisanu ku Asia nthawi imodzi, koma si ayezi wabweretsa chisanucho, zonse ziwiri zabwera ndi mphepo imodzi. Kuti adziwe zoona anayang'ana kumene kutentha kukulowera. Ngati nyanja ndiyo ikulamulira, kutentha kokwera kuchoka mmadzi kupita mu mpweya kuyenera kuchuluka kuposa masiku onse. Ngati mphepo ndiyo ikulamulira, kuyenera kuchepa chifukwa mpweya wabwera kale wofunda. Mu 2019 anapeza kuti ma winter amene kumakhala chisanu kumayiko a pakatiwa, a pakati pa Arctic ndi madera otentha, ndi aja amene mphepo ndiyo ikulamulira ayezi, ndipo ma winter amene ayezi ndiye akulamulira mpweya, ku Arctic kumafunda koma kummwera sikuzizira.

Komanso nthawi yomwe yathandiza. Ganizo loti kuchepa kwa ayezi kumabweretsa chisanu linatsamira pa nthawi ya pakati pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, pamene ma winter a ku Siberia ankaoneka ngati akuzizira. Zaka zina zitawonjezereka, ayezi anapitiriza kukhala wochepa koma kuzizira kuja sikunapitirire. Winter ya 2019 mpaka 2020 polar vortex inali yolimba modabwitsa ngakhale ayezi wa mu Sepitembala 2019 anali mgulu la wochepetsetsa chiyambire kuyeza, ndipo ku Ulaya inali winter yofunda kuposa zonse zimene zinali zitalembedwa kufika nthawi imeneyo, ku Moscow mpaka anachita kubweretsa snow yopanga pa malole kuti akongoletsere chaka chatsopano. Mukabwerera mmbuyo, winter yoopsa kwambiri ku Britain mzaka za m'ma 1900 inali ya 1962 mpaka 1963, snow inayamba nthawi ya Khirisimasi nkukhala pansi mpaka Malichi, nyanja inaundana mmbali mwa gombe ku Kent, ndipo nthawi imeneyo ayezi ku Arctic anali wodzadza. Agogo amene mukuwasamalirawo ambiri akuikumbuka imeneyo, mudzawafunse tsiku lina adzakuuzani. Jet stream yakhala ikukhota kuyambira kalekale pa zifukwa zake zina, El Niño ndi La Niña ku Pacific, mvula ya mabingu kumadera otentha a nyanja ya Indian, kutentha kwa madzi a Atlantic, penanso popanda chifukwa chimene ungachiloze.

Nde akatswiri anagwirizana kuti ayese pa makompyuta akuluakulu mofanana, aliyense ndi model yake, kutanthauza pulogalamu yotsanzira mmene nyengo imayendera, kuchotsa ayezi yekha zina zonse nkuzisiya mmene zilili kuti aone chichitike nchani. Zotsatira zinatuluka mu 2022 motsogozedwa ndi Doug Smith wa ku Met Office, ma model 16, kuyesa kopitirira ka 3000. Onse anaonetsa kuti ayezi akachoka mphepo ya kumadzulo ija imafookadi mu winter, nde Francis ndi anzake sanali kulota ayi. Koma kufookako nkochepa, kungafotokoze pafupifupi 10 peresenti yokha ya kusiyana kumene timaona pakati pa winter ina ndi inzake. Iwo omwewo ananenanso kuti ma model akuoneka kuti amachepetsa zinthu pa mbali imeneyi, nde zenizeni zikhoza kukhala chakumtunda kwa zimene anapezazo, komabe si zazikulu. Palinso china chimene chikukokera kumbali ina, mpweya wa mmwamba kumadera otentha ngati kwathu kuno nawonso ukutentha mofulumira chifukwa cha utsi womwewo umene ukutenthetsa dziko lonse, ndipo zimenezo zimawonjezera kusiyana kwa kutentha pamtunda umene jet stream ili, nde zimailimbitsa pamene Arctic ikuifooketsa. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, litaunika zonsezi linati umboni woti kutentha kwa Arctic kukusintha nyengo ya mayiko a pakatiwa ndi wosalimba.

Chimene ine ndimafuna anthu achigwire kwambiri, ndipo nyuzi sizichikamba, nchakuti mphepo ya kumpoto ikamabwera masiku ano imabwera ili yofundirako kusiyana ndi kale, chifukwa kumene ikuchokerako kwafunda. James Screen yemweyo anaonetsa zimenezi mu 2014, kuti kumayiko a kumpotowa masiku ozizira kwambiri akufunda mofulumira kuposa masiku ofunda. Ndiye olo zitakhala kuti jet stream ikukhota kangapo kowonjezera, chisanu chimene ikutsitsacho mphamvu zake zikuchepa. Masiku a chisanu choumitsa madzi ku Britain achepa poyerekeza ndi zaka za 1961 mpaka 1990. Chimene chikuchuluka ndi madzi. Mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo ku Leeds komweko anthu sanaiwale mmene mtsinje wa Aire unasefukira pa 26 Disembala 2015 nkumiza dera la Kirkstall, mwezi umene unali Disembala wofunda kwambiri komanso wamvula kwambiri mu mbiri ya Britain. Febuluwale 2020 nayenso anaphwanya rekodi ya mvula. Kwa munthu wokhala ku Yorkshire, madzi osefukira ndi chinyontho cha mnyumba ndiwo mavuto amene akukula.

Pa nkhani ya chinyezi pomwepa mpamene mnzanuyo ali ndi mfundo yake yolimba kwambiri. Hannah Bailey ndi anzake a ku University of Oulu ku Finland anatenga nthunzi ya mu mpweya nthawi ya Beast from the East ija nkuiyeza kuti adziwe kumene madzi ake anachokera, paja madzi a nyanja iliyonse amakhala ndi chizindikiro chake mkati mwa timaatomu take. Anapeza kuti nyanja ya Barents, imene nthawi imeneyo mbali yake yaikulu inali yosaundana, inatulutsa madzi pafupifupi matani 140 biliyoni mmasiku amenewo, ndipo akhoza kukhala kuti anapereka mpaka 88 peresenti ya snow imene inagwa kumpoto kwa Ulaya. Apa ayezi sanaitane mphepo yozizira, koma mphepoyo itabwera inadutsa panyanja yosavundikira nkutunga madzi. Nde nzotheka ndithu kuti masiku a snow azichepa koma tsiku limene yagwa igwe yambiri.

Musasakanize nkhaniyi ndi ina ija mumaimvanso yoti madzi ofunda a Atlantic amene amafunditsa Ulaya akhoza kufooka nkuziziritsa Britain. Imeneyo ndi nkhani yeniyeni koma ndi ina, ikukhudza kwambiri madzi opanda mchere ochokera ku ayezi wa pamtunda wa Greenland ndi mvula, ndipo ndi ya zaka makumimakumi, si imene ikuumitsa zala zanu pa siteji ya basi lero.

Abale athu a ku Joni nawo amafunsa zofananazo, makamaka chigwere snow ku Johannesburg pa 10 Julayi 2023, chaka chimene ayezi wa panyanja ku Antarctica anachepa kuposa kale lonse, mu Febuluwale kunatsala masikweya kilomita 1.79 miliyoni okha ndipo winter yake sanakule mmene amakulira. Koma kummwera zinthu nzosiyana, Antarctica ndi mtunda wozunguliridwa ndi nyanja pamene Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, ndipo polar vortex ya kummwera ndi yolimba, sudden stratospheric warming yaikulu inaonekako kamodzi kokha mu 2002. Komanso snow ina ya ku Johannesburg inagwa mu Ogasiti 2012, chaka chimene ayezi ku Antarctica anali wochuluka kwambiri. Nde tsiku limodzi la snow silikutiuza kanthu za ayezi.

Tsono kwa inu achemwali, winter siizingoipiraipira pa kuzizira, koma masabata ozizira azibwerabe, ndipo ena azikhala oopsa ndithu. Chaka cha 2022 chinali chotentha kuposa zonse zimene zinali zitalembedwa ku Britain kufika nthawi imeneyo, mu Julayi kunapitirira 40°C koyamba, koma Disembala wa chaka chomwecho kunabwera chisanu cha pafupifupi sabata ziwiri mpaka ku Braemar ku Scotland kufika -17°C. Ndipo ine chimandidetsa nkhawa nchakuti ma winter ofunda akachuluka anthu amatayirira, makhonsolo, makampani a gasi ngakhale mabanja, nde chisanu chikabwera chimapeza anthu asanakonzeke ngati mmene zinakhalira ku Texas kumene mapaipi a gasi ndi makina a magetsi sanali otetezedwa ku kuzizira.

Pa ntchito yanuyo pali zinthu zingapo zimene zingakuthandizeni. Mukamva a Met Office akunena kuti kwachitika sudden stratospheric warming, dziwani kuti pali mwayi woti pakatha sabata ziwiri kapena zitatu kuzizire kwambiri, si nthawi zonse koma kawirikawiri, ndipo chenjezo lotalika chonchi pa zanyengo silipezekapezeka, nde ndi nthawi yoona ngati hita za makasitomala anu zikugwira, mankhwala awo alipo okwanira komanso mmene mudzayendere mabasi akaima. Bungwe la UK Health Security Agency limatulutsa machenjezo a kuzizira kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi ndipo mutha kulembetsa kuti azikutumizirani pa imelo. Kwa okalamba, chipinda chimene amakhalamo chisatsike pansi pa 18°C, chifukwa kuzizira kumakweza BP, kumachititsa magazi kugwirana mosavuta komanso kumavutitsa chifuwa, ndipo ambiri amene amavulala nako si a pa tsiku la -10°C koma a masiku wamba a 3°C kapena 4°C, ali mnyumba yonyowa, azimitsa hita poopa bilu. Mukalowa mnyumba ya gogo nkupeza avala jekete ali pampando, manja ozizira, yang'anani thermostat, kachipangizo kolamulira hita kaja, nthawi yomweyo, afunditseni bulangeti, apatseni chakumwa chofunda ngati akutha kumeza bwino, ndipo ngati sakusintha imbani 111, nambala ya uphungu wa zachipatala, koma ngati akuyankhula movutikira, akuoneka osokonekera, akuwodzera mosadziwika bwino kapena akupuma pang'onopang'ono imbani 999, nambala ya ambulansi.